Giya Ikamakana Kulowa: Dziwani Vuto Musanatulutse Ndalama

Amayi, ambiri mwa inu mumadalira galimoto zakale. Ina ndi ya pabanja, ina ndi ya gulu, ina mumachita hayala kuti ikunyamulireni mpunga wa Kilombero kuchokera ku Kaporo, kapena ithamangitse mayi woyembekezera ku chipatala chachikulu cha Karonga usiku. Zambiri mwa galimotozi zinalowa pa Songwe zitayenda kale kwina. Giya ikayamba kuvuta, amene mumasunga thumba ndinu. Choncho nkofunika kudziwa kusiyanitsa vuto laling'ono ndi lalikulu, ngakhale musamayendetse nokha.

Kumbukirani kuti zinthu zitatu zimagwira ntchito limodzi: kilachi, imene imalekanitsa injini ndi magiya, ndodo ya giya pamodzi ndi zolumikizira zake, ndi giyabokosi. Kumasula giyabokosi ndiye kodula kwambiri, motero kuzikhala komaliza.

Yambani injini ili yozimitsa

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki. Dalaivala aponde kilachi ndi kulowetsa magiya onse. Kenaka alize injini, abwereze.

Ngati magiya akulowa bwino injini ili yozimitsa koma akukana kapena kukukuta ikalira, makamaka giya yoyamba ndi rivesi, vuto ndi kilachi: siikulekanitsa mokwanira. Tsegulani boneti muone kabotolo ka mafuta a kilachi. Galimoto zambiri, monga Toyota Hilux, zimagwiritsa ntchito mafuta a mabuleki a DOT 3 kapena DOT 4; onani zolembedwa pa chivindikiro. Ngati achepa, penapake pakudontha. Yang'anani kuseri kwa chopondera komanso pambali pa giyabokosi ngati panyowa. Chopondera chikamamveka chofewa, mwina mwalowa mpweya. Galimoto zina zili ndi kebulo m'malo mwa mafuta, ndipo imafuna kukungidwa kapena kusinthidwa.

Ngati ndodo ikulimba kapena kugwedera injini ili yozimitsa komanso ikulira, yambani mwakayikira zolumikizira. Timabushi take timatha ndi fumbi ndi matope, ndipo sitidula kwambiri.

Zimene zimaoneka poyenda

Ngati giya imodzi yokha, kawirikawiri yachiwiri, ndiyo ikukukuta posintha, ndiye kuti yatha synchro, kamkombero kamene kamafananitsa liwiro la magiya. Ili ndi vuto la mkati, koma dalaivala akamasintha modekha, galimoto imayendabe pamene mukusonkha ndalama.

Ngati injini ikulira mokweza koma galimoto siikuthamanga, makamaka pokwera chitunda ndi katundu, ndipo pakumveka fungo lakupsa, kilachi ikuterereka. Yesani motere, kutsogolo kulibe munthu: handibuleki yokoka, giya yachitatu, dalaivala asiye kilachi pang'onopang'ono. Injini iyenera kuzima. Ikapitiriza kulira, clutch plate yatha.

Ngati giya ikutuluka yokha, makanika ayambe waona zolumikizira ndi mphira zogwira injini ndi giyabokosi. Phokoso limene limayamba mukaponda kilachi ndi kutha mukaisiya limaloza release bearing.

Musaiwale oyilo

Kuno madzi amasefukira nthawi ya mvula, makamaka m'mbali mwa mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe. Galimoto ikawoloka madzi akuya, madziwo amatha kulowa m'giyabokosi kudzera pa kabowo kopumira. Uzani makanika atsegule bawuti yothirira inu mukuona. Oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowolo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, muli madzi, asinthidwe tsiku lomwelo. Magiyabokosi ambiri akale amafuna oyilo wa 75W-90 kapena 80W-90, koma tsatirani buku la galimotoyo.

Za moyo wa okwera

Potsetsereka zitunda za Chiweta kapena za msewu wa Chitipa, giya yotsika ndiyo imathandiza mabuleki kuti asatenthe n'kusiya kugwira. Galimoto imene giya yake imatuluka yokha, kapena imakana kulowa giya yotsika, isanyamule wodwala wopita ku Mzuzu mpaka itakonzedwa. Musalolenso dalaivala kutsetsereka pa nyutulo pofuna kusunga mafuta. Ndinu olipira, muli ndi ufulu wokana.

Mukafika ku galaja

Musangoti "giya yafa". Nenani kuti ndi giya iti, imavuta injini ikulira kapena ili yozimitsa, m'mawa kapena itatentha, ndiponso ngati munawoloka madzi. Funsani mtengo wa sipeya padera, wa ntchito padera, ndipo zochotsedwazo mubwerere nazo. Akanena zomasula giyabokosi asanaone mafuta a kilachi, zolumikizira ndi oyilo, kafunseninso kwa makanika wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa msonkhano wa gulu ukubwerawu, itanani dalaivala wanu muyesere limodzi zimenezi, ndipo mlembi azilemba m'kope tsiku limene oyilo anasinthidwa.