Matenda a Bipolar: Zoti Banja Lidziwe

Pali matenda a maganizo amene amabwera m'nyengo ziwiri zosiyana kwambiri, mwakuti achibale amayesa kuti ndi mavuto awiri osakhudzana. Achipatala amawatcha bipolar. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni anali nawo. Nthawi zambiri amayamba munthu ali ndi zaka za m'ma 20 kapena atatsala pang'ono kufikapo, ndipo sasankha mwamuna kapena mkazi.

Nyengo yotakasuka mopitirira

Munthu amagona maola awiri kapena atatu okha, koma m'mawa amadzuka wamphamvu, osadandaula kutopa. Amalankhula mothamanga osapatsa mnzake mpata, nkhani ina isanathe wayamba kale ina. Amadziona kuti palibe chomukanika. Ena amanena kuti ndi olemera kuposa onse m'mudzi, ena kuti atumidwa kudzapulumutsa dziko.

Apa ndi pomwe chuma cha pakhomo chimathera. Chimanga cha m'nkhokwe chimagulitsidwa, ndalama ya feteleza imagawidwa pamsika, ngongole ya katapila kapena ya banki m'khonde imatengedwa osafunsa aliyense. Wina amayamba kugonana mosadziteteza, khalidwe lomwe analibe nkale lomwe. Mukamuletsa, amapsa mtima msanga. Zotere zikatha sabata yathunthu, musadikirenso kuti zitha zokha.

Chopweteka n'chakuti mwini wakeyo sadziona kuti akudwala. Kwa iye, sanakhalepo bwino chonchi. Choncho udindo wozindikira umagwera inu amene mumadya naye mbale imodzi.

Nyengo yokhumudwa

Pakapita masabata, miyezi, ngakhale zaka, munthu yemwe uja amasintha. Safuna kudzuka, kusamba, kupita kumunda kapena kucheza. Chakudya sichimukoma. Amadziimba mlandu pa zomwe anawononga, n'kumadziona wopanda pake. Izi zimatha masabata awiri kapena kuposerapo. Si ulesi, ndipo kumukalipira kuti alimbe mtima kumangowonjezera ululu. Pakati pa nyengo ziwirizi ambiri amakhala bwinobwino, n'kumagwira ntchito zawo.

Mukapita kuchipatala, fotokozani nyengo zonse ziwiri, ngakhale yotakasukayo itachitika kalekale. Mfundo iyi ndi yaikulu. Dokotala akangomva za kukhumudwa kokha, akhoza kupereka mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine, ndipo kwa munthu wa bipolar mankhwalawa akamwedwa okha amatha kudzutsa nyengo yotakasuka ija.

Amachokera kuti?

Matendawa amayenda kwambiri m'magazi: ngati kholo kapena m'bale anali nawo, mpata wowadwala umakula, ngakhale kuti ana ambiri a makolo otere sadwala. Sapatsirana. Si ufiti, si chilango, ndiponso munthu sanachite kuwafuna. Zimene zimawadzutsa ndi kusagona masiku otsatizana, nkhawa yaikulu monga maliro kapena kutha kwa ntchito, chamba ndi mowa. Mayi amene ali ndi matendawa amafunika kuyang'aniridwa kwambiri m'masabata oyamba akangobereka.

Kupemphera ndi kwabwino, ndipo kumalimbitsa banja. Koma pempherani muli pa ulendo wa kuchipatala, chifukwa miyezi yotayika mukuzungulira kwina imasiya ngongole, mabanja osweka ndi sukulu yolekezera panjira.

Mankhwala alipo

Amene amagwiritsidwa ntchito ndi monga sodium valproate, carbamazepine, lithium, haloperidol, risperidone ndi olanzapine. Sachotseratu matendawa, koma amawagwira, monga momwe amachitira mankhwala a shuga. Ambiri amabwereranso m'mavuto chifukwa chosiya kumwa atayamba kupeza bwino. Ngati mankhwala akubweretsa tulo tambiri, kunjenjemera, kuuma thupi kapena kunenepa, bwererani mukanene. Dokotala akhoza kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu.

Amayi ndi atsikana, mvetsetsani apa. Sodium valproate amatha kuvulaza mwana wosabadwa, ndipo carbamazepine amafooketsa mapiritsi olerera ndi njira yolerera ya pamkono. Kambiranani ndi achipatala musanatenge pakati. Mukazindikira kuti muli ndi pakati, pitani mwamsanga, koma musasiye mankhwala panokha. Amene akumwa lithium ayenera kuyezetsa magazi pafupipafupi, kumwa madzi okwanira, ndi kupewa ibuprofen ndi diclofenac. Akatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Zochita pakhomo

Yang'anirani tulo. Kwa ambiri, kuchepa kwa tulo ndi chizindikiro choyamba chakuti matenda akubwerera, ndipo mukathamanga nthawi imeneyi mukhoza kupewa kugonekedwa m'chipatala. Pamene wodwala ali bwino, khalani naye pansi mugwirizane: zikayambanso, ndani asunge ndalama ndi foni, ndani amuperekeze? Iyeyo akhale ndi mawu pa zimenezi, pakuti ndi munthu wamkulu, osati mwana. Sungani bwino buku lake la kuchipatala ndipo musaphonye tsiku lokatenga mankhwala.

Akatakasuka, musakangane naye kapena kumuunjirira. Lankhulani modekha, mawu ochepa, munthu mmodzi. Musamumenye, musamumange ndi unyolo, ndipo musalole ana kumutcha wamisala.

Pamene simuyenera kuchedwa

Akanena zofuna kufa, mukhulupirireni. Kumufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, koma kumamupatsa mpata wolankhula. Musamusiye yekha. Bisani tameki, mankhwala a mbewu, zingwe ndi mapiritsi, kenako pitani naye kuchipatala. Thamangani chimodzimodzi ngati sakudya ndi kumwa, akuopseza ena, kapena wasokonekera mutu pamodzi ndi kutentha thupi, popeza malungo aakulu ndi matenda ena a muubongo amayambanso motero.

Yambirani pa chipatala chomwe muli nacho pafupi, kapena funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Pa chipatala cha boma pamakhala ogwira ntchito oona za matenda a maganizo, ndipo pakafunika amatumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital. Thandizo limapezekanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku Chainama Hills ku Lusaka kwa amene ali ku Zambia.