Ulendo wa ku Karonga Umene Sutha

Abale, pa bwalo la milandu ndi pa msika tikomana nawo anthu a lilime lakuthwa, amene mawu awo atsatana bwino, koma potsiriza atifikitsa ku bodza. Mwezi uno tiphunzire kuyesa mawu otere.

Zaka zoposa 400 Khristu asanabadwe kunali Mhelene wanzeru, dzina lake Zeno, wa ku Elea m'dziko la Italy. Mwambi wake tiuike pa njira yathu. Kuchokera ku Chitipa kufikira ku Karonga ndi makilomita ngati 100. Wapaulendo ayamba ndi theka, ndiwo 50. Pamenepo theka la otsalawo, ndiwo 25. Pamenepo 12 ndi theka. Ndipo chotero kosaleka, pakuti nthawi zonse patsala kachigawo kakugawa pakati. Tsono mwambiwo uti:

1. Wapaulendo ayenera kutsiriza zigawo zosatha.
2. Zigawo zosatha zifuna nthawi yosatha.
3. Chifukwa chake sadzafika konse.

Penyani: tikavomera mawu oyamba ndi achiwiri, sitingathe kukana achitatu. Denga lamangidwa bwino pa nsanamira zake ziwiri. Koma ife tidziwa kuti anzathu atsikira ku Karonga, nabwerako ndi mpunga ndi usipa. Denga liribe chifukwa. Tsono mwa nsanamira ina muli chiswe.

Chiswecho chili m'mawu achiwiri. Aristotle, amene anatisungira mwambi uwu m'mabuku ake, anaona kuti nthawinso igawika monga njira. Tinene kuti theka loyamba litenga masiku 2. Chigawo chachiwiri chitenga tsiku limodzi, chachitatu theka la tsiku, ndipo pochepa njira nthawinso ichepa. Muphatikize zigawozo kufikira mutatopa, sizidzapitirira masiku 4. Zigawo zilibe mapeto, koma zonse pamodzi zili ndi malire.

Chifukwa chake pakumva munthu wotsutsa mochenjera tifunse ziwiri. Choyamba: kodi mawu ake otsiriza atulukadi m'mawu oyamba? Chachiwiri: kodi oyambawo ali oona? Ambiri a ife tifunsa choyamba chokha, ndipo titaya munda kapena mbuzi chifukwa tinachita manyazi kufunsa chachiwiri. Tisapse mtima, tisathawenso, tinene mofatsa, “Mawu awa mwayamba nawo, mwawatenga kuti?”

Funso la mwezi uno: theka loyamba likatenga masiku 3, ulendo wonse udzatenga masiku angati?