Mbiri ya Mvula M'miyala ya M'mapanga: Mafunso ndi Mayankho

Kodi mwala umasunga bwanji mbiri ya mvula?

Mvula ikagwa pamalo a miyala ya njereza, madzi amalowa m'ming'alu, n'kumasungunula mwalawo pang'onopang'ono mpaka atadontha kudenga la phanga. Dontho lililonse likagwa limasiya kanjereza kosaoneka n'komwe. Zaka zikamapita, pansi pamamera chipilala chamwala chimene akatswiri amati stalagmite, ndipo zipilala zambiri zotere sizikula ngakhale milimita imodzi pachaka. Akachicheka chamlitali, m'kati mumaoneka mizere yosanjikizana ngati ya m'thunthu la mtengo.

Nanga zaka zake amaziwerenga bwanji?

Madziwo amabwera ndi uranium pang'ono, amene amatsekeredwa m'mwala n'kumasanduka thorium pa liwiro lodziwika. Poyerekeza kuchuluka kwa ziwirizi, akatswiri amapeza zaka za mzere uliwonse, ngakhale wa zaka 500,000 zapitazo.

Amasiyanitsa bwanji dzinja ndi chilimwe?

Apa m'pamene pagona luso. M'dzinja madzi amadutsa m'ming'alu mofulumira. M'chilimwe amachedwa, ndipo njereza ina imatsalira m'njira pamodzi ndi calcium wake, choncho dontho limafika kudenga magnesium atachuluka poyerekeza ndi calcium. Mpweya wa okosijeni wa m'madzimo nawonso umanena zake: kumadera otentha, mvula yamphamvu imakhala ndi okosijeni wochepa wa mtundu wa oxygen-18.

Akatswiri amaboola mwalawo ndi kachitsulo konga ka madokotala a mano, kapena amauwotcha ndi kuwala kwa laser, n'kumayeza timalo tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi. Akaona magnesium akukwera ndi kutsika mobwerezabwereza, amadziwa kuti akuwerenga nyengo imodzi ndi imodzi.

Kodi zimenezi zinachitikapo kuti?

Phanga la Mawmluh, m'chigawo cha Meghalaya ku India, lili pafupi ndi Cherrapunji, kumene mvula imapitirira mamilimita 11,000 pachaka. Mwala wa m'phangali unasonyeza kusintha kwakukulu kwa mvula kumene kunachitika zaka 4,200 zapitazo. N'chifukwa chake mu 2018 bungwe la International Commission on Stratigraphy linatcha nthawi imene tikukhalayi kuti Meghalayan.

Mu 2019 ofufuza a pa yunivesite ya Vanderbilt anafalitsa zimene anapeza m'mwala wina wa momwemo, wa zaka pafupifupi 50. Anaona kuti mwalawo umasonyeza bwino mvula yochepa imene imagwa m'miyezi youma, imene anthu ndi mbewu amaidalira kwambiri madzi akasowa, komanso kuti mvulayo imayenderana ndi kutentha kwa nyanja ya Pacific.

Kodi phanga lililonse lingagwiritsidwe ntchito?

Ayi. Kwina madzi a miyezi yosiyana amasakanikirana asanadonthe, nyengo n'kusokonekera. Motero akatswiri amayamba aika timakina towerenga madontho ndi mabotolo otchera madzi, n'kumabwerako kwa zaka zingapo kuti aone mmene phangalo limasinthira mvula ikagwa kunja. Akatsimikiza, amatenga mwala umodzi kapena iwiri yokha, ndipo amakonda imene inathyoka kale.