PHUNZIRO LA ALIMI: NTHENDA YA ANTHRAX NDI KUPIMA MWAZI

Alimi inu a ku Chama, kumbukirani caka ca 2011. Cilimwe ca caka cimeneco mvuu zoposa 80 zinafa zokha mu mtsinje wa Luangwa. Popeza ndiwo zinali zosowa, anthu anasenda nyamayo, naitenga, naidya. Anthu oposa 500 anadwala, ndipo ena anamwalira.

Cimene cicititsa nthendayi ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, kochedwa Bacillus anthracis. Kakhala m'dothi zaka zambiri ngati njere youma. Msipu ukafupika, nyama zidya udzu pamodzi ndi dothi, ndipo zimeza kaciromboko. Munthu wosenda nyama yotere atuluka cironda cakuda pakati. Wakudya nyamayo amva m'mimba kupweteka, asanza, ndipo nthawi zina acita cimbudzi ca mwazi.

Kodi dotolo adziwa bwanji kuti ndi anthrax? Njira yoyamba ndiyo kufuna kacirombo komwe m'madzi a pacironda kapena m'mwazi. Koma wodwala akayamba kumwa mankhwala, kaciromboko kasowa msanga. Pamenepo ithandiza njira yaciwiri.

Thupi likalowedwa ndi mdani lipanga asilikari ace m'mwazi, amene Azungu awacha ma-antibody. Mdani ali yense ali ndi asilikari acecace. Dotolo atenga mwazi pang'ono pa mkono, napatula madzi ace oyera. Ku nyumba yopimira, madziwo awathira pa kacigawo ka ululu wa anthrax. Ngati asilikariwo alimo, agwira ululuwo, ndipo madzi asintha mtundu. Kupima kumeneku kuchedwa ELISA.

Tsono asilikari sacuruka tsiku limodzi. Cifukwa cace mwazi utengedwa kawiri: poyamba kudwala, ndiponso patapita masabata 2 kufikira 4. Akacuruka kanai pa kupima kwaciwiri, ndiwo umboni wakuti nthenda inalidi anthrax. Munthu wosabwerera kaciwiri wataya umboniwo, ndipo mudzi wace sucenjezedwa.

Sungani malangizo awa:

1. Nyama yofa yokha musaisende, musaidye, musaigulitse. Kuyanika kapena kufutsa sikupha njere za nthendayi.
2. Uzani mfumu ndi dotolo wa ziweto. Mtembo utenthedwe, kapena ukwiriridwe m'dzenje lakuya.
3. Kumene kuli nthendayi, ng'ombe zibayidwe katemera caka ndi caka.
4. Wodwala apite ku cipatala tsiku lomwelo. Mankhwala onga penicillin aperekedwa osadikira mayankho a mwazi, ndipo aciritsa ngati munthu wafulumira.