Mizere ya "logon" ikachuluka pa seva ya sitolo, kodi ndi akuba?

M'masitolo ambiri a maoda, ogulitsa mankhwala ndi osindikiza mapepala mumakhala kompyuta imodzi yosunga mitengo, kuchuluka kwa katundu ndi maina a anthu angongole. Kompyuta imeneyi imatchedwa seva, ndipo makompyuta a pakauntala amatenga zonsezi kuchokera mmenemo. Wakuba akalowamo akhoza kusintha mitengo, kufufuta ngongole kapena kutseka mafayilo n'kumafuna ndalama kuti awatsegule.

Seva ya Windows imalemba aliyense wolowa mu kaundula wotchedwa Security, yemwe amapezeka mu Event Viewer. Mwini sitolo akatsegula koyamba amadzidzimuka poona mizere mazanamazana ya tsiku limodzi. Komatu kuchuluka kwa mizere pakokha si umboni wa kuba.

Choyamba kuona ndi nambala ya mzere. 4624 imatanthauza kuti kulowa kwatheka, 4625 kuti kwalephereka, ndipo 4634 kuti wolowayo watuluka. Chachiwiri ndi pomwe palembedwa Logon Type. Mtundu 2 ndi wa munthu amene wakhala pa kompyutayo, 3 ndi wolowa kudzera pa netiweki, pomwe 10 ndi woiyendetsa ali patali pogwiritsa ntchito Remote Desktop.

Mtundu 3 ndiwo umachuluka. Kompyuta ya pakauntala ikatsegula foda yogawana kapena kutumiza risiti ku makina osindikizira olumikizidwa ku seva, mzere watsopano umalembedwa. Dzina lothera ndi chizindikiro cha $ ndi la kompyuta, osati la munthu. Nthawi zina 4625 imabwerezabwereza chifukwa mawu achinsinsi anasinthidwa koma kompyuta ina ikuyesabe akale.

Poyenera kukhala tcheru ndi pamene 4625 ikutsatizana usiku sitolo itatsekedwa, pa maina monga Administrator kapena admin. Apa mwini sitolo ayang'ane Source Network Address. Maadiresi a mkati mwa sitolo nthawi zambiri amayamba ndi 192.168 kapena 10. Adiresi yachilendo imasonyeza kuti wina akuyesa chitseko ali kunja. Choopsa kwambiri ndi 4625 yambiri yotsatiridwa ndi 4624 kuchokera ku adiresi yomweyo, chifukwa ndiye kuti wakubayo wapeza mawu achinsinsi.

Zikatero, seva ichotsedwe pa intaneti msanga, mawu achinsinsi onse asinthidwe ndipo aitanidwe katswiri. Kaundulayo asafufutidwe, chifukwa ndiwo umboni.

Popewa zonsezi, wantchito aliyense akhale ndi dzina lakelake lolowera, ndipo la wantchito wosiya ntchito litsekedwe tsiku lomwelo. Khomo 3389 la Remote Desktop lisasiyidwe lotsegula pa rauta. Seva ikonzedwe kuti izitseka dzina limene lalakwitsa mawu achinsinsi kangapo. Mafayilo a malonda azikoperedwa sabata iliyonse pa disiki yosungidwa padera, yosalumikizidwa ku kompyuta.