Phunziro 4: Nthawi ya Mwana Wamkazi Pakhomo Pathu

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pomaliza phunziroli tikhale titaona m'mene timagawira ntchito ndi nthawi pakati pa ana athu, titadziwa zimene Mpingo ndi malamulo a dziko amanena za mwana wamkazi, ndiponso titagwirizana zoti tisinthe pakhomo ndi mu Mphakati mwathu.

MAU OYAMBA

Ife a parishi ya Kachebere tiri ndi mbiri yonyaditsa. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ino m'chaka cha 1903, ndipo mu 1939 kunatsegulidwa seminale yaikulu patsinde pa phiri lathuli. Kuyambira pamenepo takhala tikuona anyamata ochokera m'madayosizi osiyanasiyana akudzaphunzira kuno. Tonse tidziwa kuti mnyamata salandira unsembe m'chaka chimodzi. Mpingo umampatsa zaka zambiri, mabuku, chakudya ndi nthawi yabata yowerengera, ndipo palibe amene amati akuchedwa.

Tsono funso lathu lero ndi ili: kodi mwana wamkazi wobadwira m'midzi yozungulira phiri lomweli timampatsa nthawi yochuluka bwanji kuti akule ndi kuphunzira?

1. TIYENI TIONE

Tiyerekeze banja lina la m'mudzi mwathu. Muli mtsikana wa zaka 11 ndi mlongo wake wa zaka 12. Onse awiri ali mu Sitandade 5.

Tambala atangolira kachiwiri, mai amadzutsa mtsikana uja: "Iwe, dzuka, kwacha. Mumtsuko mulibe madzi." Iye amapita kumjigo, kusesa pabwalo, kutsuka mbale zadzulo, kutereka madzi osamba a bambo ake. Mnyamata amadzuka, kusukusula, kutulutsa mbuzi m'khola, basi ulendo wa kusukulu. Mtsikana amafika belu litalira kale.

Akaweruka, nkhuni zikumdikira, chimanga chofunika kupita nacho kuchigayo, ndiwo zofunika kuthyola, khanda lofunika kubereka. Nyengo yosoka fodya kapena yothothola mtedza ikafika, amajomba masiku angapo. Mai akadwala, wotsala pakhomo ndi iye. Usiku akati atsegule kope, tulo tamgwira.

Chaka chikatha mnyamata wakhoza, mtsikana walephera. Bambo akuti: "Amai ake, mwanayu sukulu si yake." Abwereza kalasi kawiri, ndipo pofika zaka 14 ndiye wamkulu pakati pa tiana. Manyazi amgwira, sukulu aisiya. Posakhalitsa pakhomo pafika munthu wofunsira mbeta.

Taonani kuti m'nkhaniyi palibe amene anam'menya mwanayo, palibenso amene anamuletsa sukulu. Makolo ake amamkonda. Koma nthawi yake inatengedwa pang'onopang'ono, ola limodzi m'mawa, maola awiri madzulo, mpaka panalibenso yotsala.

Nkhaniyi si ya banja limodzi. Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2015-16 anapeza kuti mwa amai 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 m'Malawi, 42 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Anapezanso kuti mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali ndi mwana kale kapena anali ndi pakati.

2. CHIFUKWA CHIYANI ZIRI CHONCHO?

(a) Chizolowezi. Tinakula tikuona kuti mtondo, mtsuko ndi mafuwa ndi za akazi. Kuphunzitsa mwana ntchito ndi chinthu chabwino, ndipo mwana wosadziwa kuphika kapena kulima ndi wosaleredwa. Cholakwika ndi kusenzetsa mwana mmodzi katundu yense, wina akusewera mpira.

(b) Umphawi. Fodya akapanda kugulidwa bwino, kapena mvula ikadula msanga, ndalama ya kope ndi sopo imasowa. Pamenepo ambiri timasankha mnyamata. Ena timatuma mtsikana kukagulitsa zitumbuwa ndi mtedza wophika pamsika mpaka mdima, kumene amakumana ndi amuna a ndalama m'thumba.

(c) Mwambo wosaunikidwa bwino. Pa Chichewa mtundu umatsata mai, ndipo mwana wamkazi ndiye muzu wa mbumba. Umenewu ndi ulemu waukulu. Koma ulemuwu umasanduka goli pamene atsibweni afulumiza mwana kukwatiwa kuti mkamwini adzalime, kapena pamene banja lotsata mwambo wa malowolo liwerengera ng'ombe mwana ali pasukulu. Kutha msinkhu si kukula. Mtsikana akagwa pansi amakhala mwana ndithu, ndipo thupi lake limakhala lisanakhwime. Kubereka ali wamng'ono kumamuika pa chiopsezo cha imfa ndi matenda a fisitula, odontha mkodzo kosalekeza, amene amai ambiri amakawachizira ku Bwaila mu mzinda wa Lilongwe.

(d) Malire. Tiri pafupi ndi chipata cha Mwami, ndipo njira zachidule zolowera ku Zambia ndi zambiri. Abale athu ali mbali zonse ziwiri, ndipo ichi ndi chabwino. Koma m'njira zomwezi mumadutsa anthu olonjeza ana ntchito ya m'nyumba kapena ya m'mafamu ku Chipata ndi kwina. Ena mwa ana otere amagwira ntchito popanda malipiro, ena amachitidwa nkhanza, ndipo sadziwa kodandaula m'dziko la eni. Akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

(e) Kusalankhulana. Ambiri sitikamba ndi ana athu aakazi koposa kuwatuma. Kale agogo ankalangiza adzukulu m'kuka. Lero m'midzi yambiri kuka kulibe, ndipo wolangiza mwana ndi anzake ndi foni.

3. MAU A MULUNGU NDI CHIPHUNZITSO CHA MPINGO

Tiwerenge pamodzi Marko 5:21-43.

Yairo anali mkulu wa sunagoge, munthu wolemekezeka. Koma chifukwa cha mwana wake wamkazi wa zaka 12 anagwada pamapazi a Yesu anthu onse akuona. Sanati za mwana wamkazi ndi za amake. Anthu atanena kuti mwana wafa, palibenso chifukwa chovutitsira Mphunzitsi, Yesu sanawamvere. Analowa m'nyumba pamodzi ndi bambo ndi mai, namgwira mwanayo padzanja, namuutsa. Kenaka anawauza kuti ampatse chakudya. Chozizwitsa anachita ndi Ambuye, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku anaisiya m'manja mwa makolo.

Buku la Genesis, mutu 1, limatiphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi onse analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Msonkhano wa Vatikano Wachiwiri mu 1965 unanena kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana ao. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anadzatichezera m'Malawi mu 1989, anabwereza zomwezi m'kalata yake yonena za banja ya mu 1981. Ife tomwe tinalonjeza pa ukwati wathu ndi pa ubatizo wa ana athu kuti tidzawalera m'chikhristu. Sitinanene kuti ana aamuna okha.

4. MALAMULO A DZIKO LATHU

Mkhristu ndi nzikanso. Nkofunika kudziwa malamulo awa:

* Mu 1993 boma linalola kuti mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha pakati abwerere akachira.
* Mu 1994 maphunziro a pulaimale anakhala aulere, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2013 linati mwana aliyense ayenera kupita ku pulaimale.
* Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limaletsa kukakamiza mwana ukwati kapena kumuunjirira mwamuna.
* Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza ana onse a malemu, aamuna ndi aakazi, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu.
* Lamulo la maukwati la mu 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko, kotero kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo chilolezo cha makolo sichingamukwatitse.
* Lamulo la mu 2015 loletsa kuzembetsa anthu limapereka chilango chokhwima kwa wotenga mwana mwachinyengo kukamgwiritsa ntchito, kaya m'dziko muno kaya kunja.

Mafumu nawonso ali ndi mphamvu pa nkhaniyi. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu.

Komabe tikumbukire kuti lamulo liri ngati mpanda wa dimba. Mpanda umaletsa mbuzi kulowa, koma suthirira mbewu. Wapolisi sangabwere m'mawa uliwonse kudzaona amene wapita kumjigo. Imeneyo ndi ntchito yathu.

5. TICHITE CHIYANI?

Pakhomo pathu:

* Tikhale pansi banja lonse ndi kuwerenga ntchito za tsiku. Tizigawe molingana. Mnyamata wotunga madzi ndi kutsuka mbale sasiya kukhala mwamuna, ndipo adzakhala bambo wabwino.
* Mwana aliyense anyamuke nthawi yabwino, atadya kanthu, ngakhale phala kapena mbatata.
* Tipatule ola limodzi lowerenga dzuwa lisanalowe. Pa ola limeneli mwana asatumidwe.
* Abambo, tiziona makope a ana athu aakazi ndi kupita kumisonkhano ya makolo. Ngakhale sitidziwa kuwerenga, mwana atiwerengere. Tikagulitsa mtedza kapena soya, ndalama ya makope, sopo ndi nsalu za kumwezi ipatulidwe tisanapite kokacheza.
* Amai, tilankhule ndi mwana asanathe msinkhu, kuti zosintha za m'thupi zisamdzidzimutse. Adziwe kuti palibe munthu, ngakhale mbale kapena mphunzitsi, wololedwa kumgwira thupi, ndipo akatiuza kanthu timkhulupirire.
* Tisunge bwino chiphaso chakubadwa ndi kalata ya ubatizo. Zimenezi ndi mboni ya zaka za mwana.
* Tisapereke mwana kwa munthu wolonjeza ntchito kutali, ngakhale atasiya ndalama.
* Mwana akatenga pakati, tisamthamangitse, tisamtulenso kwa mwamuna. Ayambe sikelo msanga, ndipo akachira abwerere kusukulu.

Mu Mphakati mwathu:

Miphakati inakhazikika mu dayosizi yathu ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, pa nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, amene anaphunzira ndi kuphunzitsa pa seminale ya Kachebere. Cholinga chinali chakuti akhristu oyandikana azisenzana mavuto. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chotero:

* Tilembe maina a atsikana onse a msinkhu wa sukulu ndi kuyendera amene ayamba kujomba.
* Alangizi a Mpingo aunikenso malangizo ao, kuti a mwana wa zaka 12 asafanane ndi a munthu wokonzekera ukwati.
* Tigwire ntchito pamodzi ndi gulu la amai a pasukulu, komiti ya sukulu ndi mafumu.
* Tikamva za ukwati wa mwana kapena kugwiriridwa, tisazithetse ndi mbuzi kuseri kwa nyumba. Tikanene ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya kupolisi, kwa alangizi oteteza ana, kapena tiimbe nambala yaulere ya 116.
* Atsikana amene afika kusekondale, monga ku Ludzi, tiziwaitana pa tchuthi kuti adzalimbikitse ang'ono ao.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi pakhomo pathu woyamba kudzuka ndani, ndipo womaliza kugona ndani?
2. Ndi atsikana angati a mu Mphakati mwathu amene asiya sukulu chaka chino? Chinayamba ndi chiyani?
3. Ndi miyambo iti imene imateteza mwana wamkazi, ndipo ndi iti yofunika kuikonza?
4. Yairo akanakhala bambo wa m'mudzi mwathu, kodi anzake akanamunena chiyani?
5. Atsibweni akafuna kukwatitsa mwana wa zaka 16, ife akhristu anzao tingachitepo chiyani?

NTCHITO YA SABATA INO

Banja lirilonse lisankhe ntchito imodzi imene mwana wamkazi amagwira yekha m'mawa, ndipo liipereke kwa wina kwa masiku 7. Pamsonkhano wotsatira tidzafotokozerane zimene taona. M'mera mpoyamba.