Otsala ndi Akatundu: Phunziro la Tsiku la Cikumbutso, 11 Novembala

Mau owerenga: 1 Samueli 30:1-25, 2 Timoteo 1:3-5, Tito 2:3-5.

Caka ndi caka, mwezi wa Novembala, anthu asonkhana pa mwala wa cikumbutso ku Lusaka kukumbukira asilikari amene anafa pa nkhondo. Tsiku la 11 lisungidwa cifukwa pa tsiku limenelo, m'caka ca 1918, mfuti za nkhondo yoyamba ya dziko lonse zinaleka kulira ku Ulaya. Nkoyenera ndithu kuwakumbukira. Koma alipo ena amene anasenza nao katundu wa nkhondo angakhale sanagwire mfuti, ndiwo akazi ao otsala pamudzi. Phunziro ili linena za mmodzi wa iwo, amai a kufupi ndi Fort Jameson, mzinda wochedwa Chipata lero. Dzina lao lisiyidwa, pakuti moyo wao uimira moyo wa anzao ambiri.

1. Mphunzitsi

Amishoni a Dutch Reformed Church anayamba nchito ku Magwero m'caka ca 1899, ndi ku Madzimoyo m'caka ca 1903, ndipo masukulu ao anafalikira m'midzi. Nyumba imodzi ya dothi ndi udzu inali sukulu pakati pa sabata ndi mopemphereramo tsiku la Mulungu. Atsikana anali owerengeka, popeza makolo ambiri anayesa kuti mtondo ndi munsi zikwanira mwana wamkazi. Amai awa anapirira kufikira anapatsidwa ana ang'ono a Sub A ndi Sub B. Anayamba kuwalembetsa ndi cala pamcenga, pambuyo pace pasileti, ndipo colinga cao cinali cakuti mwana ali yense adziwerengere yekha Buku Lopatulika, limene linaturuka lathunthu m'Cinyanja m'caka ca 1922.

2. Mkazi wa msilikari

Amuna ao analembedwa m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, lokhazikitsidwa m'caka ca 1933. Mu Ogasiti 1940 gulu loyamba la asilikari amenewa linamenyana ndi ankhondo a Italy, owaposa kucuruka, pa Tug Argan m'dziko la Somaliland. M'caka ca 1944 linali ku Burma, kutsika cigwa ca Kabaw m'nyengo ya mvula, m'matope ndi malungo, kufikira mtsinje wa Chindwin. Maina a Tug Argan ndi Chindwin anapatsidwa ku misasa ya asilikari ku Ndola ndi ku Kabwe.

Zaka zonsezo mkazi wotsala analima yekha, nafuna wom'folerera nyumba, nayenda ulendo wautali kunka ku boma kukalandira ndalama zimene mwamuna anatumiza. Makalata anafika mocedwa, ndipo msilikari sanaloledwe kuchula malo amene anali. Popeza akazi ambiri sanadziwe kuwerenga, anadza ndi makalata ao kwa mphunzitsi. Amai awa anawawerengera, nawalembera mayankho, ndipo za m'kalata wa mnzao sanaziulule kucitsime kapena pamtondo. Ikafika mbiri ya imfa, iwo ndiwo anayamba kuidziwa, ndipo anayenera kupeza mau akuiuzira mwini wace.

Panalinso mayesero. Abale ena anati munthu wooloka nyanja sabweranso, ndipo mkazi asataye zaka zace pacabe. Maukwati ena anapasuka motero. Amai awa anasunga pangano lao. Nkhondo itatha m'caka ca 1945, amuna ao anabwera oonda, odzidzimuka m'tulo ndi opsa mtima msanga, ndipo cipiriro ca zaka zotsatira cinaposa ca zaka za kulindira.

Malembo sapeputsa nchito yotere. Pamene Davide analondola Aamaleki amene anafunkha Zikilaga, amuna 200 analema natsala pa mtsinje wa Besori, ndipo 400 anapitirira. Pobwera ndi zofunkha, ena oipa mtima anakana kugawira otsalawo. Davide anawatsutsa, naika lamulo m'Israyeli lakuti wosunga akatundu alandire gawo lolingana ndi la womenya nkhondo, cifukwa cipambano cinacokera kwa Yehova. Ngati amuna olema anayesedwa oyenera gawo, nanga mkazi amene anasunga mudzi, ana ndi sukulu?

3. Agogo

Ukalamba sunawapatse mpumulo. Kuyambira zaka za m'ma 1980 nthenda ya Edzi inatenga anyamata ndi atsikana a misinkhu yogwira nchito, ndipo ana amasiye anatumizidwa kumudzi kucokera ku Lusaka ndi kumigodi. Monga okalamba anzao ambiri, amai awa anaika ana ao m'manda, nagwiranso khasu kuti adyetse adzukulu. Madzulo anawasonkhanitsa pa nyali ya parafini, nawawerengetsa monga anacitira ndi ana a Sub A, pokumbukira mwambi wakuti m'mera mpoyamba.

Paulo akumbutsa Timoteo kuti cikhulupiriro cace cinayamba kukhala mwa agogo ace Loisi ndi mwa amace Yunike. Macitidwe 16:1 anena kuti atate wace anali Mhelene. Cotero Malembo amene anawadziwa kuyambira ukhanda anawalandira kwa akazi awiriwo. Za ulaliki wa Loisi sizilembedwa pena pali ponse, koma mdzukulu wace anasanduka mnzace wa Paulo ndi woyang'anira mpingo wa ku Efeso.

4. Cimene mpingo uyenera kucita

Nkhani iyi siinathe ndi nkhondo ya ku Burma. Asilikari a Zambia anatumidwa kukasungitsa mtendere ku Sierra Leone m'caka ca 2000, ndi pambuyo pace ku Central African Republic, ndipo nyumba zao zinatsala m'manja mwa akazi. Mpingo umene upempherera msilikari koma osaponda pakhomo pa mkazi wace waiwala lamulo la Davide. Akulu a mpingo adziwe maina a nyumba zotere. Anyamata athandize kufolera ndi kupalira. Amai a Cigwirizano aceze ndi otsalawo asanagwe m'mayesero, monga Tito 2 alamulira akazi akulu. Ndipo adzukulu oleredwa ndi agogo asalindire tsiku la maliro kuti anene zabwino zao. Bulangete ndi thumba la cimanga zifike iwo akali moyo.

Mafunso

1. Cifukwa ninji Davide anagawira otsala pa Besori molingana ndi omenya nkhondo?
2. Kodi kusunga cinsinsi ca mnzace kuli nchito ya cikristu motani?
3. Timoteo analandira ciani kwa Loisi ndi Yunike?
4. Ndi nyumba ziti mumpingo muno zimene zisungidwa ndi mkazi yekha kapena agogo, ndipo adzapitako ndani sabata lino?